Mphoto ya khalidwe kwa ophunzira udokotala wa mapazi: amayeza chiyani kwenikweni?

Mwezi wa Meyi ukafika ku America, sukulu zaukachenjede zimakhala pa kalikiliki wa miyambo yopereka madigiri. Sukulu zophunzitsa madokotala a mapazi nazonso zimachita zawo. Ophunzira avala mikanjo, makolo adzaza holo, mayina akuitanidwa limodzilimodzi. Mphoto zina zoperekedwa pa tsikuli n'zosavuta kuzimvetsa: uyu wakhoza kuposa onse m'kalasi, uyu waonetsa luso pa opaleshoni, uyu wachita kafukufuku wapamwamba. Koma m'sukulu zina mumakhalanso mphoto ina, yopita kwa wophunzira amene waonetsa khalidwe labwino la pantchito ndi kulemekeza mfundo zoyendetsera udokotala, zimene pa Chingerezi amati ethics. Apa ndiye anthu amayamba kunong'onezana. Khalidwe amaliyeza pa sikelo yanji? Enawo amene sanalandire ndiye kuti ndi opanda khalidwe? Nanga dokotala wa mapazi okhaokha ndiye utinso?

Tiyambe ndi funso lomalizali, chifukwa yankho lake ndi limene likutsegula ena aja.

Dokotala wa mapazi ndani?

Ntchitoyi pa Chingerezi amaitcha podiatry. Ndi udokotala woona za phazi, akakolo ndi mbali ya m'munsi ya mwendo. Wina angaderere kuti phazi n'kanthu kakang'ono, koma phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi malo 33 olumikizira mafupawo. Mapazi awiri pamodzi asenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mafupa onse a m'thupi. Madokotalawa amathandiza zikhadabo zolowa m'mnofu, zikang'a, njerewere, chidendene chopweteka, zala zopindika, kuvulala kwa othamanga, ndipo koposa zonse zilonda za odwala matenda a shuga.

Kusamalira mapazi n'kwakale. M'manda a Ankhmahor ku Saqqara, m'dziko la Egypt, muli zojambula za zaka zoposa 4,000 zoonetsa anthu akugwiragwira manja ndi mapazi a anzawo. Koma kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, ntchito yopala khungu louma la kumapazi inali ya anthu oyendayenda m'misika ndi kampeni m'thumba. Madokotala enieni ankaiona ngati yonyozeka. Ena mwa anthuwa anatchuka ndithu, monga Isachar Zacharie amene ankasamalira mapazi a pulezidenti Abraham Lincoln, koma sukulu panalibe, ndipo aliyense ankatha kudzitcha katswiri. Zinthu zinayamba kusintha pamene anthu a ntchitoyi anapanga bungwe ku New York mu 1895. Sukulu yoyamba inatsegulidwa mumzinda womwewo mu 1911, ndipo mu 1912 kunabadwa bungwe la dziko lonse limene lero ndi American Podiatric Medical Association.

Masiku ano ku America munthu amayamba ndi digiri yoyamba ya zaka zinayi, kenako zaka zinayi za udokotala wa mapazi zopezera digiri ya DPM, pambuyo pake zaka zitatu zogwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa, zimene amazitcha residency. Ambiri amachita opaleshoni. Ku Britain ndi digiri ya zaka zitatu kapena zinayi, ndipo lamulo sililola munthu kudzitcha podiatrist kapena chiropodist ngati dzina lake mulibe m'kaundula wa bungwe la Health and Care Professions Council. Ku South Africa maphunzirowa amapezeka pa University of Johannesburg. Fanizo lapafupi ndi dokotala wa mano: ndi dokotala ndithu, koma njira yake ya sukulu ndi yakeyake kuyambira pachiyambi. Kuno kwathu ntchito yomweyi imagawika pakati pa anamwino, ma clinical officer, oona za mafupa ndi madokotala a opaleshoni.

Mbiri imeneyi ikuthandiza kumvetsa chifukwa chake sukuluzi zimalimbikira nkhani ya khalidwe. Ntchito imene inachokera pamsika, n'kumenyera ulemu wake kwa zaka zoposa 100, imadziwa kuti chikhulupiriro cha anthu sichitoledwa pansi.

Phazi limene silimva

Ndinaperekezapo malume anga ku kiliniki ya odwala shuga. Namwino atamaliza kuyeza magazi anati, "Bambo, vulani nsapato zonse ziwiri, ndi masokosi omwe." Malume anakana mwaulemu: "Mapazi anga alibe vuto, amayi. Sapweteka n'komwe." Namwino uja anawagwira phewa n'kunena kuti, "Kusapwetekako ndiye kukundidetsa nkhawa, bambo." Anatenga kansinga kapulasitiki konga ka mbedza, n'kuwauza kuti atsinzine. Ankakhudza nako pansi pa chala chachikulu mpaka kansingako kapinde, kenako pena, kenako pena. "Mukamva munene kuti eya." Malume anangokhala duu, akudikira kuti ayambe liti, pamene iye anali atakhudza kale malo anayi. Atasiyanitsa zala, pakati pa chala chachinayi ndi chakumapeto panali kachilonda konyowa kamene mwini wake sankadziwa.

Kansinga kaja kamapinda pa mphamvu yolingana ndi magalamu 10. Munthu akapanda kukamva, ndiye kuti shuga waononga minyewa ya kuphazi, ndipo akhoza kuyenda tsiku lonse ndi kamwala kapena msomali m'nsapato osazindikira. Shuga amachepetsanso kayendedwe ka magazi, choncho chilonda chimachedwa kupola, chimalowa tizilombo, chimafika pa fupa. Ofufuza motsogozedwa ndi David Armstrong, amenenso ndi dokotala wa mapazi, analemba mu 2017 kuti mwa odwala shuga 100 alionse, pakati pa 19 ndi 34 adzatuluka chilonda cha kuphazi nthawi ina m'moyo wawo. Miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga imayambira pa kachilonda kotere.

Chimene chinandikhudza tsiku lija n'chakuti namwino akanangomvera mawu a malume n'kulemba kuti mapazi ali bwino, palibe akanadziwa. Mzere unali wautali, malume akanabwerera kunyumba akumwetulira. Wodwala amene phazi lake lachita dzanzi alibe njira yodziwira ngati wapimidwa bwino kapena wangopusitsidwa. Chitetezo chake chonse chili m'manja mwa wopimayo. Mphoto imene tikukambayi ikuyesa kuloza chinthu chimenechi.

Khalidwe la pantchito n'chiyani?

Mawu a Chingerezi ndi professionalism. Muzu wake ndi mawu a Chilatini otanthauza kulengeza poyera, kulonjeza anthu akumva. Ganizo lake n'lakuti pali pangano pakati pa anthu ndi a ntchito zina. Anthu amalola dokotala kuchita zimene wina aliyense akanamangidwa nazo: kucheka thupi, kupereka mankhwala oopsa, kumva zinsinsi. Amalolanso madokotala kuti azidziyang'anira okha kudzera m'mabungwe awo. Mbali yawo madokotala amalonjeza kudziwa bwino ntchito, kunena zoona, ndi kuika wodwala patsogolo pa thumba lawo.

Kwa nthawi yaitali zimenezi sizinkaphunzitsidwa m'kalasi. Ankati wophunzira adzazitola yekha poona akuluakulu. Mu 1999 bungwe loyang'anira maphunziro a residency ku America, la ACGME, linaika khalidwe la pantchito m'gulu la zinthu zisanu ndi chimodzi zimene dokotala ayenera kuyezedwa nazo. Mu 2002 mabungwe a madokotala a ku America ndi ku Ulaya anatulutsa chikalata cha pangano chokhala ndi mizati itatu: ubwino wa wodwala ukhale woyamba, wodwala azidzisankhira yekha, ndipo chithandizo chigawidwe mwachilungamo. Izi zinayambira kwa madokotala a thupi lonse, koma bungwe lovomereza sukulu za mapazi, la Council on Podiatric Medical Education, nalonso limafuna kuti ophunzitsidwa aonetse khalidwe, chifundo ndi kutsatira malamulo.

Pa wodi zimenezi zimaoneka m'tinthu ting'onoting'ono. Kufika nthawi yake. Kulemba m'fayilo zimene wapimadi, osati zimene unayenera kupima. Kuuza mkulu wako kuti "ndalakwitsa" iye asanatulukire. Kudziwa polekezera luso lako, n'kutumiza wodwala kwa dokotala wa mitsempha ya magazi ukaona kuti phazi lazizira ndipo kugunda kwa magazi sikukumveka. Kulankhula ndi wokolopa mwaulemu womwewo umene umalankhula nawo ndi pulofesa. Kusatumiza chithunzi cha chilonda cha munthu pa WhatsApp kuti anzako aone.

Taganizirani mmisiri womanga nyumba. Mwini nyumba amaona pulasitala wosalala ndi penti. Saona kuti pa maziko panalowa matumba angati a simenti. Mmisiri wodziwa ntchito koma wopanda khalidwe akhoza kumanga nyumba yokongola imene ing'ambike ikangodutsa mvula ziwiri. Luso ndi khalidwe ndi zinthu ziwiri, ndipo mayeso olemba amagwira bwino choyambacho.

Nanga ethics ndiye chiyani?

Anthu amasakaniza mawu awiriwa, ndipo amalowererana ndithu. Koma ethics ndi kulingalira chimene chili choyenera, makamaka pamene zabwino ziwiri zaombana. Ankhoswe abwino amabwera akaitanidwa, amasunga chinsinsi, salankhula mwachipongwe. Limenelo ndi khalidwe. Koma tsiku limene mwamuna ali ndi mfundo, mkazi ali ndi mfundo, ndipo ana ali pakati, pamafunika china choposa ulemu: kuyeza zinthu mofatsa n'kupereka chifukwa chomveka.

Mbiri ya ethics ya udokotala ambiri amaiyambira pa lumbiro la Hippocrates, dokotala wakale wa ku Greece, la zaka pafupifupi 2,400 zapitazo. Koma mfundo zamakono zinabadwira m'misozi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, milandu ya ku Nuremberg inavumbula nkhanza zimene madokotala a chipani cha Nazi anachitira akaidi, ndipo mu 1947 kunalembedwa mfundo yakuti munthu asayeseredwe kanthu popanda kuvomera yekha. Mu 1948 bungwe la World Medical Association linakonza lumbiro latsopano ku Geneva, limene linakonzedwanso mu 2017 n'kuonjezamo kulemekeza chosankha cha wodwala komanso kuti dokotala azisamalira thanzi lake lomwe. Ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda mazana angapo odwala chindoko ku Tuskegee anasiyidwa osachizidwa kuti ofufuza aone mmene matendawa amayendera, ngakhale pamene mankhwala a penisilini anali atapezeka. Mu 1979 Tom Beauchamp ndi James Childress anasanja mfundo zinayi zimene lero zimaphunzitsidwa pafupifupi paliponse: lemekeza chosankha cha wodwala, mchitire zabwino, usamupweteke, chita chilungamo.

Kwa dokotala wa mapazi mfundozi si zam'buku chabe. Bambo wina chala chake chada, fupa laola, ndipo dokotala akudziwa kuti kudula chala lero kukhoza kupulumutsa mwendo wonse. Bamboyo akukana. Mfundo yomuchitira zabwino ikuti dula, mfundo yolemekeza chosankha chake ikuti usakhudze. Wophunzira wabwino saopseza, komanso sangosainitsa pepala n'kusamba m'manja. Amakhala pansi, amafunsa chimene bamboyo akuopa, amafotokoza mosabisa zimene zingatsatire, amapempha kuti abwerenso mawa ndi wachibale ngati akufuna. Akakanabe ali ndi nzeru zake zonse, thupi ndi lake.

Kwinako ndi ndalama. M'ntchitoyi muli zambiri zogulitsa: zoyala m'nsapato zopangidwa molingana ndi phazi la munthu, nsapato zapadera, zomata pa zilonda zokwera mtengo, opaleshoni yowongola chala. Zonsezi zimathandiza amene akuzifunadi. Koma monga makaniko amene angakuuze kuti injini yatha pamene vuto ndi pulagi, wouza wodwala chofunika ndi yemweyonso wolandira malipiro. Inshulansi ya boma ya okalamba ku America, ya Medicare, kawirikawiri silipira kuwenga zikhadabo wamba pokhapokha munthu ali ndi matenda ngati shuga amene amachititsa kuti ntchitoyo ikhale yoopsa. Mayesero ake ndi oonekeratu: kulemba matenda mokokomeza kuti ndalama ituluke. Ndipo kuchokera pa lamulo la ku America la mu 2010, makampani a mankhwala ndi zipangizo amayenera kuulula ndalama ndi mphatso zimene amapatsa madokotala, a mapazi omwe.

Amasankha bwanji wolandira?

Kuyamikira khalidwe sikuyamba tsiku lomaliza. Mu 1993 bungwe la Arnold P. Gold Foundation linayambitsa pa Columbia University mwambo woveka ophunzira malaya oyera a udokotala, akulumbira pamaso pa makolo awo. Mwambowu unafalikira, ndipo sukulu za mapazi nazo zimauchita. Pomaliza maphunziro amalumbiranso. Okhoza bwino m'kalasi ali ndi gulu lawo laulemu lotchedwa Pi Delta. Mphoto ya khalidwe imabwera kudzadzaza mpata umene malikisi amasiya.

Sukulu iliyonse ili ndi njira yake, koma zida zake n'zofanana. Choyamba ndi malipoti a madokotala amene amayang'anira ophunzira m'zipatala zaka ziwiri zomaliza. Chachiwiri ndi mayeso ogwiritsa ntchito anthu ophunzitsidwa kudwala mwasewero, nzeru imene Howard Barrows anayambitsa ku California m'ma 1960, ndipo Ronald Harden wa ku Dundee anaikonza mu 1975 kukhala mayeso oyenda chipinda ndi chipinda. Sukulu zina zili ndi mafomu olembapo wophunzira akachita zodandaulitsa kapena zotamandika.

Chida chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi kufunsa anzake a m'kalasi. Gulu la Gold Humanism Honor Society, lokhazikitsidwa mu 2002, limadalira njira imeneyi. Ophunzira amafunsidwa mafunso onga akuti: mwa anzanuwa, ndani mungafune kuti asamalire inuyo kapena munthu amene mumamukonda? Zili ngati kusankha msungichuma wa banki m'khonde. Palibe amalemba mayeso, koma amayi onse amadziwa amene angamusungitse bokosi. Mphunzitsi amaona wophunzira kwa maola ochepa, wophunzirayo akudziwa kuti akuonedwa. Anzake amamuona usiku atatopa, amadziwa amene amatsalira kumanga chilonda chonunkha ndi amene amasowa nthawi imeneyo ikakwana.

Kodi pali umboni kuti zimenezi zili ndi ntchito?

Umboni wodziwika kwambiri unatuluka mu 2005. Maxine Papadakis ndi anzake anatenga madokotala 235 amene mabungwe opereka ziphaso anawalanga, n'kubwerera m'mafayilo awo a kusukulu, powayerekeza ndi anzawo osalangidwa. Anapeza kuti mbiri ya khalidwe lodandaulitsa pa nthawi ya sukulu inkapezeka mochuluka pafupifupi katatu mwa olangidwawo. Zizindikiro zamphamvu zinali ziwiri: kusadalirika, monga kujomba ndi kusamaliza ntchito, komanso kukana kudzudzulidwa.

Tiwerenge zotsatirazi mosamala. Kafukufukuyu anali wa madokotala a thupi lonse, osati a mapazi. Akuonetsa kuti khalidwe loipa la kusukulu ndi chenjezo, koma sakunena kuti wolandira mphoto adzakhala dokotala wabwino moyo wake wonse, ndiponso sikuti aliyense wodandaulidwa ali wophunzira amadzalangidwa. Palinso zimene Frederic Hafferty ndi Ronald Franks anafotokoza mu 1994, kuti ophunzira amaphunzira zambiri kuchokera ku zimene akuluakulu amachita kusiyana ndi zimene amanena. Mphunzitsi akalalikira za ulemu m'mawa, masana n'kumaseka fungo la phazi la wodwala m'kanjira, phunziro lokhalitsa ndi lamasanalo. Mwana wa nkhanu sayenda molunjika amake akuyenda cham'mbali.

Zimene ena amadandaula

Ochirikiza mphotozi amati chimene sukulu imatamanda poyera ndicho ophunzira amachiona kuti n'chofunika. Mukatamanda malikisi okha, mwauza kalasi yonse kuti zina zonse ndi zapambali. Amatinso mphoto imapereka dzina ku ntchito yobisika imene palibe amailipira.

Okayikira ali ndi mfundo zawo. Yoyamba ndi kukondera. Mawu akuti khalidwe la pantchito ndi otambasuka, ndipo woyeza akhoza kulowetsamo zokonda zake: kalankhulidwe, kavalidwe, tsitsi. Ophunzira akuda ku America akhala akudandaula kuti tsitsi lawo lachibadwa kapena loluka limaonedwa ngati losayenera pantchito, nkhani imene inafika poti California inakhazikitsa lamulo loletsa tsankho la tsitsi mu 2019. Kafukufuku wa Dowin Boatright ndi anzake mu 2017 anapeza kuti ophunzira akuda ndi ochokera ku Asia ankasankhidwa mochepa kulowa m'gulu laulemu la ophunzira udokotala lotchedwa Alpha Omega Alpha poyerekeza ndi azungu, ngakhale ataganizira malikisi a mayeso. Mu 2018 sukulu ya udokotala ya Mount Sinai ku New York inasiya kusankhira ophunzira m'gululi. Mwana woleredwa kwathu kuno, amene anaphunzitsidwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso ndipo sadulidwa mawu, akhoza kulembedwa kuti ndi wamanyazi kapena wosachita chidwi, pamene iye akupereka ulemu.

Yachiwiri ndi yakuti mphoto ingabale chiphamaso, wophunzira n'kumachita zabwino pamene pali maso. Yachitatu ndi yolemera: nthawi zina wophunzira amene wafunsa chifukwa chake wodwala wosauka wabwezedwa, kapena amene wanena kuti watopa kwambiri moti angalakwitse, ndi amene amatchedwa wopanda khalidwe. Pamenepo mawu abwino asanduka chotsekera pakamwa.

Mafunso amene akadali poyera

Pali zingapo zimene aphunzitsi sanagwirizanebe. Ngati khalidwe ndi chinthu chimene womaliza maphunziro aliyense ayenera kukhala nacho, kodi kupatsa mmodzi mphoto sikukusandutsa chofunika kwa onse kukhala chapadera? Kapena pali kusiyana kwenikweni pakati pa wokwanitsa ndi wopambana, monga zilili pa luso la opaleshoni?

Ndani ayenera kukhala ndi mawu aakulu posankha? Aphunzitsi ali ndi chidziwitso koma amaona pang'ono. Anzake amaona zambiri koma akhoza kuvotera wotchuka. Anamwino ndi odwala, amene amalandira khalidwelo mwachindunji, kawirikawiri safunsidwa mokwanira. Ndipo wodwala wa dzanzi uja, amene sangadziwe ngati wapimidwa bwino, angayeze chiyani kupatula kumwetulira?

Kodi khalidwe limaphunzitsika kwa munthu wa zaka 25, kapena sukulu imangosankha amene anabwera nalo? Wophunzira amene anayamba moipa, n'kudzudzulidwa, n'kusintha, kodi si iye woyenera kutamandidwa kuposa amene sanapunthwepo? Nanga amene anaulula cholakwa cha mkulu wake n'kudedwa nacho, fomu yake imalembedwa ndi yani?

Funso lina likutikhudza ngakhale ife amene ophunzira athu a zaumoyo amalumbira pomaliza maphunziro n'kukalembetsa ku Medical Council of Malawi kapena ku bungwe la anamwino ndi azamba. Muyezo wopangidwira chipatala chokhala ndi zipangizo zonse, kodi ungagwire ntchito pamene munthu mmodzi akuona odwala oposa 100 pa tsiku ndipo mabandeji atha? Pa mzere wotero, wovulitsa aliyense nsapato n'kuchedwetsa ena, ndi wofulumira kuti onse aonedwe dzuwa lisanalowe, wolandira mphoto akhale uti?